Kopita pa wikendi muno mu Texas: tithandizeni, tatopa n'kuthera mumsewu

Bambo a mapasa, Garland:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto, koma chonde musandiseke. Mwezi wathawu ndinanyamula banja lonse, mayi akunyumba ndi mapasa athu a zaka 7, kuti tikaone paki ya Big Bend. Ndinali nditaona zithunzi za Santa Elena Canyon, mtsinje wa Rio Grande ukudutsa pakati pa matanthwe aataliatali, ndiye mumtima ndinati poti ndi mu Texas momwemuno, si patali. Safunsa anadya phula. Tinanyamuka Lachisanu cha m'ma 6 madzulo nditaweruka kuntchito, tinakagona ku Midland pakati pa usiku, Loweruka tinafika pachigwembepo dzuwa lili paliwombo. Tinajambulitsa, ana anaponda m'madzi pang'ono, kenaka njala, kenaka kutopa. Lamlungu m'mamawa tinauyatsa wobwerera. Nditawerengetsa, m'galimoto tinakhalamo maola oposa 18, m'pakimo maola 5 okha. Pano ndikangotchula za ulendo ana amathawira kuchipinda. Mayi awo sanandiyankhule kuchokera ku Abilene mpaka ku Fort Worth.

Ndiye funso langa ndi ili. Kodi munthu wokhala mbali ya Dallas angapite kuti Loweruka m'mawa n'kubwerako Lamlungu madzulo, ana n'kusangalala, thumba osang'ambika? Lolemba ndimalowa ntchito 6 koloko m'mawa.

Nesi wa ku Katy:
Pepani achimwene, mwati tisaseke koma ndaseka mpaka anzanga pano pa shifiti andifunsa kuti kwagwanji. Kuchokera ku Abilene mpaka ku Fort Worth mwakachetechete! Alamu athu ndi odekha, ine ndikanatsika pa Abilene pomwepo.

Dalaivala wa thiraki:
Achimwene, munalakwitsa poyambira penipeni. Munatenga Texas ngati malo amodzi. Ine misewu imeneyi ndi ofesi yanga, ndiye ndikuuzeni. Msewu wa I-10 wokha, kuchokera kumalire a New Mexico kukafika kumalire a Louisiana, ndi mamailosi pafupifupi 880, onsewo muli mu Texas. Munthu wa ku El Paso amayandikana ndi San Diego ku California kuposa Houston. Makaunti alipo 254. Malawi yense angalowemo pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Ndiye wina akakuuzani kuti "ku Texas kuli malo okongola akuti," funso loyamba lisakhale loti ndi okongola bwanji. Funsani kuti kuchokera pakhomo panga ndi maola angati.

Lamulo langa kunyumba kwathu ndi maola 3. Tsegulani mapu pafoni, onani paliponse pamene mungafike m'maola 3 kuchokera pakhomo panu, za kunja kwa mpandawo muziiwale mpaka tchuthi chachitali. Mukadutsa maola 3 kupita ndi 3 kubwera, wikendi imasanduka ganyu wa udalaivala wopanda malipiro. Big Bend imafuna masiku 4, mwinanso 5.

Chinanso, Lachisanu madzulo musayerekeze kukwera I-35 kulowera ku Austin. Ulendo wa maola 3 umakwana 5, mukungoyang'ana magetsi ofiira a galimoto ya kutsogolo. Gonani kwanu, Loweruka 6 koloko m'mawa muli pamsewu.

Nesi wa ku Katy:
Tsopano nditaseka ndikuthandizeni. Ife kuno timathamangira ku Galveston, ola limodzi kuchokera ku Houston. Ana amasewera pamchenga, mumayenda pa Seawall, khoma lomwe anamanga pambuyo pa namondwe wa mu 1900 amene anapha anthu oposa 6,000. Kuli pantoni yowolokera ku Port Bolivar, ndipo ndi yaulere, mumalowa ndi galimoto yomwe. Nthawi zambiri mumaona ma dolphin akutsatira m'mbali. Ndi komwenso kunayambira Juneteenth, tsiku lokumbukira kumasulidwa kwa akapolo, pamene General Gordon Granger anafika pa 19 June 1865 ndi chilengezo choti akapolo a mu Texas ndi mfulu. Ana anga nkhani imeneyi anaimva bwino ataponda pamalopo kusiyana ndi m'kalasi. Tikafuna tchire timapita ku Brazos Bend State Park, komwe ng'ona zimawothera dzuwa m'mphepete mwa kanjira koyendamo anthu. Mwana mumamugwira dzanja osataya.

Dalaivala wa thiraki:
Achemwali, munthuyu wati Garland. Kuchokera kumeneko kukafika ku Galveston ndi maola pafupifupi 5. Mukufuna alamu akhalenso chete kuchokera ku Huntsville?

Nesi wa ku Katy:
Eee, zoona. Ndinaiwala kuti si tonse tili ku Houston. Ndiye zanga zija zikhale za a mbali ino.

Mnyamata wa IT, Plano:
Komanso tinene chilungamo, madzi a ku Galveston ndi ofiirira ngati tiyi wamkaka. Ine ndinapita kamodzi ndi maganizo a nyanja yobiriwira ya pazithunzi, ndinangoima n'kubwerera m'galimoto.

Nesi wa ku Katy:
Iwe, amenewo ndi matope ochokera m'mitsinje, si uve ayi. Ukafuna madzi oyera upite ku South Padre Island, koma uyambe wawerenga maola ake uli ku Plano, uona kuti wabwerera kwa Bambo a mapasa.

Mayi a ku Arlington:
Bambo a mapasa, siyani zonsezo, mverani ine. Pitani ku Glen Rose. Kuchokera ku Fort Worth ndi ola limodzi ndi kanthu, inu wa ku Garland muwerengere maola 2 osakwana. Kumeneko kuli Dinosaur Valley State Park. Pansi pa mtsinje wa Paluxy pali mapazi enieni a zinyama zakalekale zija, ma dinosaur, odindika pathanthwe zaka pafupifupi 113 miliyoni zapitazo. Si za m'nyumba yosungira zakale zotchingidwa ndi galasi ayi, mumatsika nokha mumtsinje. Mwana wanga wamng'ono anaika phazi lake m'kati mwa phazi la zala zitatu, nsapato yonse inalowa malo n'kutsalabe, anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kuyambira tsiku limenelo buku lililonse lobwereka ku laibulale ndi la ma dinosaur.

Koma mudziwe izi. Mapaziwo amaoneka madzi akakhala ochepa. Mvula ikagwa kumene amabisika ndi madzi ndi matope, ndiye muyambe mwaona patsamba la pakiyo tsiku loti mawa mupita, amalemba momwe mtsinje ulili. Chilala cha mu 2022 chinaumitsa mtsinjewu mpaka panaoneka mapazi ambiri amene nthawi zonse amakhala pansi pa madzi, nkhani yake inamveka dziko lonse. Miyala yake ndi yoterera kwambiri, ana avale nsapato zolowera nazo m'madzi, osati masilipasi. Pafupi ndi polowera pali zidole ziwiri zikuluzikulu za ma dinosaur zomwe zinachokera ku chionetsero cha ku New York cha mu 1964, pamenepo ndiye pojambulitsa.

Mukagona komweko, Lamlungu m'mawa lowani ku Fossil Rim Wildlife Center, m'tauni yomweyo. Mumayenda ndi galimoto yanu pang'onopang'ono, nyama zikubwera pawindo. Akadyansonga amadya m'manja mwanu, lilime lake lalitali lakuda bii, ana amakuwa ndi mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi. Kumeneko kumalipiritsa ndithu kuposa paki ya boma, ndiye muone bajeti. Pofika 3 koloko masana mwayamba kubwerera, 5 koloko muli kwanu mukusita zovala za Lolemba.

Bambo a mapasa, Garland:
Mayi, izi ndiye ndimafuna. Zaka 4 ndili kuno, Glen Rose ndimangoiona pazikwangwani.

Mphunzitsi wa ku Round Rock:
Ndiwonjezere chimodzi chimene aliyense amachiphunzira mowawa. Mapaki a boma la Texas amadzaza, ndipo akadzaza amatseka geti. Ife chaka chatha tinayenda maola 2 ndi alendo ochokera kutali, nyama yootcha ili m'kabokosi ka ayezi, tikufika pageti la paki ina tinapeza chikwangwani choti malo atha, olowa ndi okhawo amene anabukitsa. Vuto linali lathu, sitinafunse. Tinakadyera nkhuku yathu pamalo oimika galimoto pa sitolo ina, alendo akundiyang'ana.

Ndiye bukitsani pa intaneti, patsamba la Texas Parks and Wildlife. Chiphaso cha tsiku limodzi mungagule kutatsala mwezi, malo ogona kapena omanga tenti amatsegula kutatsala miyezi 5, ndipo m'mapaki otchuka ngati Garner malo a Loweruka amatha msangamsanga. Ana a zaka 12 kutsika m'munsi salipira polowa, ndiye mapasawo ndi aulere. Ngati muziyenda kawirikawiri pali chiphaso cha chaka chonse cholowetsa onse amene ali m'galimoto mwanu. Ife chinabweza ndalama yake titangoyenda maulendo ochepa.

Mlongo wa ku Tyler:
Palibe amene watchula kum'mawa kuno, ngati kuti Texas imathera pa Dallas. Anthu amaganiza kuti chigawo chonsechi ndi chipululu ndi ng'ombe. Tabwerani pa I-20 muone nkhalango za paini. Ku Tyler kuno ndi ola limodzi ndi theka kuchokera ku Dallas, kuli munda waukulu wa maluwa a rozi wa mzinda, ndipo mu October kumakhala chikondwerero chake. Koma malo amene ine ndimawakonda kuposa onse ndi Caddo Lake, kumalire ndi Louisiana, maola ngati 3 kuchokera kwanuko. Ndi nyanja yosaya, mitengo ya cypress yamera m'madzi momwemo, m'nthambi mwake mukulendewera ndere zotuwa ngati ndevu za nkhalamba. Mukalowa ndi bwato m'mamawa nkhungu isanachoke, kumakhala zii, mumangomva nkhafi ndi mbalame. Ndinapita ndi amuna anga, munthu wolongolola uja anakhala chete ola lathunthu, koma kukhala chete kwabwino, osati kwa pa Abilene.

Katauni ka m'mphepete mwake dzina lake ndi Uncertain, ndiye kuti "sizikudziwika." Wapolisi akakufunsani komwe mukupita mumayankha zoona koma zimamveka ngati mwano. Mupite kumapeto kwa October kapena mu November masamba akafiira. M'chilimwe udzudzu wake ungakunyamuleni. Ng'ona zilimo, ndiye za kusambira iwalani, ndipo tsatirani zikwangwani za njira za mabwato chifukwa mitengo imafanana, kusochera n'kosavuta. Kogona kuli m'pakimo kapena ku Jefferson, tauni yakale yapafupi.

Mnyamata wa IT, Plano:
Ine ndinena chimene ena sachikonda. Wa ku Dallas malo ake apafupi ambiri ali ku Oklahoma. Turner Falls ndi maola 2 pa I-35 kulowera kumpoto, mathithi a mafiti 77, ana amasambira m'munsi mwake. Broken Bow ndi maola 3 ndi pang'ono, mapiri, mtsinje wozizira, tinyumba tamatabwa tobwereka. Mukakhala mabanja atatu n'kugawana mtengo wa nyumba imodzi zimatsika bwino.

Mphunzitsi wa ku Round Rock:
Funso linali la mu Texas, achimwene.

Dalaivala wa thiraki:
Aphunzitsi, funso linali la wikendi. Galimoto sidziwa malire. Mnyamatayu wanena zoona, Oklahoma ili pamphuno pa Dallas pomwe Big Bend ili kutsidya kwa dziko. Pa Red River palibe amene amafunsa pasipoti.

Wa ku El Paso:
Ndikuwerenga zonsezi ndikuseka ndekha. Inu mukukangana za maola 3, ife kuno ngakhale wotchi yathu ndi ina, timatsalira ola limodzi kumbuyo kwa Dallas. Wikendi yathu ndi New Mexico basi. White Sands ola limodzi ndi theka, mchenga woyera mbee ngati ufa, ana amatsetsereka pamilu. Carlsbad Caverns ndi mapanga akuluakulu, ndipo popita mumadutsa pa Guadalupe Peak, phiri lalitali kuposa onse mu Texas, mafiti 8,751.

Koma ndalowerera kuti ndinene nkhani ina yofunika kwa ife obwera. Misewu yochokera kumalire a Mexico ili ndi malo ofufuzira a Border Patrol, apolisi olondera malire, m'kati mwa dziko momwemuno, ngakhale simunatuluke. Pa I-10 alipo pafupi ndi Sierra Blanca. Ochokera ku South Padre ndi ku Brownsville amawapeza pa Sarita, ochokera ku McAllen pa Falfurrias. Misewu yotuluka ku Big Bend nayonso ili nawo. Amaimitsa galimoto n'kufunsa ngati nonse muli nzika. Amene si nzika ayende ndi mapepala ake enieni, green card kapena pasipoti ndi zikalata za viza, ana a sukulu ndi I-20 yawo, ndikunena pepala la kusukulu lija osati msewu. Ngati muli ndi mlendo m'galimoto, mufunseni musananyamuke, osati mutaona kale ma koni a lalanje kutsogolo.

Bambo a mapasa, Garland:
Amenewo tinawapeza pobwerera, tisanafike ku Alpine. Mwamwayi mayi akunyumba amayenda ndi zonse m'chikwama. Ine ndinalibe ngakhale ganizo.

Agogo a ku San Antonio:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine kuno ndakhala zaka zambiri, ndipo alendo onse obwera kwathu ndimawatengera malo omwewo. River Walk ndi Alamo aliyense amazidziwa, koma anthu amadumpha ma mission ena anayi a m'mphepete mwa mtsinje, matchalitchi amiyala a m'zaka za m'ma 1700, amene bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2015. Kulowa ndi ulere, ndipo mpaka lero anthu amapempheramo. Mission San José ndiye yaikulu, ana amathamanga pabwalo mpaka kutopa.

Kumpoto kwathu kuno ndi Hill Country. Fredericksburg inamangidwa ndi Majeremani mu 1846, ndi kwawo kwa Admiral Chester Nimitz, mkulu wa asilikali apamadzi a America ku Pacific pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, ndipo kuli nyumba yaikulu yosungira mbiri ya nkhondo ya ku Pacific. M'miyezi ya June ndi July mapichesi amagulitsidwa m'mbali mwa msewu. Mamailosi osakwana 20 kuchokera pamenepo pali Enchanted Rock, chithanthwe chimodzi chofiirira chokwera mafiti 425. Ndinakwera ndili ndi mawondo, pano ndimadikira m'munsi ndi botolo la madzi. Kumenekonso osapita osabukitsa.

Kwa inu a ku Dallas kuno ndi maola 4 kapena kuposa, ndiye musunge wikendi ya masiku atatu, ya Memorial Day kapena Labor Day. A ku Austin ndi a ku Houston ndiye kwanu.

Koma mawu anga aakulu ndi a mitsinje. Frio, Guadalupe, Comal, yonseyi ndi yokoma, madzi oyera, anthu amayandama pamachubu tsiku lonse. Koma dera lino nthaka ndi yochepa, pansi ndi mwala, mvula ikagwa kumtunda madzi salowa pansi, amathamangira onse mumtsinje. Pa 4 July 2025 mtsinje wa Guadalupe unasefukira usiku ku Kerr County anthu ali m'tulo, ndipo anthu oposa 100 anataya miyoyo, kuphatikizapo ana ambiri. Mukamanga tenti kapena kubwereka kanyumba m'mphepete mwa mtsinje, onani zanyengo musanagone, foni isazime ndipo machenjezo ake akhale otsegula, dziwiranitu njira yokwerera kumtunda. Madzi akadutsa pamwamba pa msewu, bwererani. Usiku m'misewu ya kuno mulinso agwape ambiri, chepetsani liwiro.

Mayi a ku Arlington:
Zikomo agogo. Ndi mawu amenewo. Ngakhale Paluxy amene ndatchula uja amadzaza mwadzidzidzi.

Mwana wa sukulu, Lubbock:
Moni makolo. Ife a kuno tikasonkherana ya mafuta timapita ku Palo Duro Canyon pafupi ndi Amarillo, maola 2 osakwana. Ndi chigwembe chachiwiri kukula mu America muno, choposedwa ndi Grand Canyon yokha. Mumayenda pachidikha chopanda ngakhale chulu, kenaka mwadzidzidzi dziko langotseguka pansi, matanthwe ofiira. Njira yopita ku mwala wa Lighthouse ndi mamailosi pafupifupi 6 kupita ndi kubwera, mthunzi mulibe. M'chilimwe pansi pachigwembepo pamatentha kuposa madigiri 100 a Fahrenheit, ndiye timayamba kusanache, aliyense ndi madzi ake ambiri. Koma kwa Bambo a mapasa ndi maola 6, ndiye ndangodzitamira chabe.

Mnyamata wa IT, Plano:
Aise, ukamaliza sukulu usamukire kuno, ku Lubbock mphepo idzakuulutsa.

Mlongo wa ku Tyler:
Nyengo nayo muziiwerengera. Malo omwewo amakoma mwezi wina, mwezi wina n'kukhala chilango. Mu April pitani ku Ennis, kum'mwera kwa Dallas, osakwana ola limodzi, minda yonse imakhala buluu ndi maluwa a bluebonnet. Ulendo wa tsiku limodzi, osagona. Koma musanakhazike mwana m'maluwa kuti mumujambule, yang'anani pansi, muli nyerere zoluma zija ndipo nthawi zina njoka. July ndi August ndi miyezi ya madzi kapena ya m'nyumba zozizira. Kunyanja kumbukirani kuti nyengo ya anamondwe imayamba June mpaka November.

Dalaivala wa thiraki:
Ya m'nyumba zozizira ndiye Waco, ola limodzi ndi theka kuchokera ku Dallas. Kuli malo amene anafukula mafupa a njovu zakale zija, ma mammoth, ali pomwe anawapeza ndipo anawamangira denga. Kulinso nyumba ya mbiri ya Dr Pepper, chakumwa chimene chinayambira m'tauni imeneyi mu 1885. Popita muime pa tauni ya West mugule ma kolache, timabanzi ta anthu ochokera ku Czech. Ine thiraki imaima yokha pamenepo.

Za misewu yolipira musaiwale. Mapu a pafoni amakonda kukuponyani pa toll, ndipo ngati mulibe kachiphaso ka pagalasi bilu imabwera pa positi ili yokwera. Kuzungulira Austin pa SH 130 pali chigawo chololedwa kuthamanga mamailosi 85 pa ola, palibenso msewu wina wotero mu America, koma ndi wolipira.

Nesi wa ku Katy:
Ndipo za thumba, chimene chimadya ndalama ndi hotela ndi malo odyera, si mafuta. Phikani Lachisanu usiku, mpunga, nkhuku, mazira owiritsa, zonse m'kabokosi ka ayezi. Mapaki ambiri ali ndi matebulo ndi powotchera nyama. Komanso pagulu pano tilipo a m'mizinda yonse. A ku Dallas mukafuna nyanja, kwathu kuli chipinda. Ife tikafuna Oklahoma tidzagogoda kwanu.

Agogo a ku San Antonio:
Kwanganso kuli malo, bola muuziretu, osati kuimba muli kale pageti.

Bambo a mapasa, Garland:
Ndabweranso patatha masabata awiri kudzapereka lipoti. Tinapita ku Glen Rose. Ndinabukitsa Lachiwiri monga ananenera aphunzitsi, tinanyamuka Loweruka 6:30, isanakwane 9 tinali kale mumtsinje. Madzi anali ofika m'akakolo, mapazi aja akuoneka bwinobwino. Mapasa anakangana kuti phazi lalikulu ndi la ndani mpaka mmodzi anaterereka n'kukhala pansi m'madzi, ine pomuwolotsa foni yanga inagwera momwemo. Ndiye zithunzi zonse zili mufoni ya mayi awo, ndipo akuti azitulutsa ndikagula nsapato za m'madzi zimene Mayi a ku Arlington ananena ine n'kunyozera. Masana tinadya mpunga wathu pansi pa mtengo, ana anagona pa chitenje. Akadyansonga tinawaona Lamlungu, wina analowetsa mutu wonse pawindo n'kunyambita chipewa changa. Kunyumba tinafika 4:40, ndipo mayi awo analankhula njira yonse.

Tsopano akufuna Caddo Lake mu November. Malo a tenti ndapeza kale, koma tenti ndilibe. Alipo angandibwereke ya anthu anayi?

Mnyamata wa IT, Plano:
Ndili nayo amalume, ya anthu 6. Chikhomo chimodzi chinasowa ku Broken Bow, mudzasema kamtengo. Mudzaitenge Lachinayi madzulo.

Mlongo wa ku Tyler:
Podutsa pa Tyler muime, ndikupatseni mankhwala a udzudzu. November kapena ayi, musawakhulupirire.